KUKULITSA ZENERA POPANDA KUGUMULA KHOMA

Mu Epulo chaka cha 1981, pa chionetsero cha West Coast Computer Faire mu mzinda wa San Francisco ku America, Adam Osborne anaonetsa anthu bokosi lokhala ndi chogwirira, looneka ngati lija amasungiramo makina osokera a pamanja. Munthu akamasula zotsekera zake, chivundikiro chinkasanduka kiyibodi, ndipo m'kati munkaoneka timakomo tiwiri tolowetsera madisiki, kena uku kena uku, ndi kagalasi pakati pake. Kagalasiko, kamene lero timati sikirini, kanali ka mainchi 5 kuyeza mopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake. Awerengi athu amene ali ndi lamya ya m'manja m'thumba aitulutse aiyeze momwemo. Ambiri apeza kuti galasi la lamya yawo likuposa pamenepo.

Bokosilo linali kompyuta yotchedwa Osborne 1, yoyamba mwa makompyuta onyamulika kugulidwa ndi anthu ochuluka. Inkalemera makilogalamu pafupifupi 11, kotero kuti mawu oti "yonyamulika" tiwamve monga timamvera za thumba la ufa, osati za buku. Mtengo wake unali madola 1,795, ndipo wogula ankalandirira limodzi mapulogalamu a WordStar yolembera, SuperCalc yowerengetsera, ndi zilankhulo ziwiri za BASIC, zimene pazokha mtengo wake unkayandikira mtengo wa makina onsewo. M'kati munali purosesa ya Zilog Z80 ndi makilobayiti 64 okumbukirira, ndipo zonse zinkayendetsedwa ndi CP/M. M'miyezi 8 yoyambirira kampaniyo inagulitsa makina okwana 11,000. Koma pofika Seputembala 1983 inali itagwa ndi ngongole.

Makina amenewa sanathe onse. Alipo m'nyumba zosungiramo zakale, alipo m'magalaja ndi m'madenga a anthu ku America, ku Britain ndi m'maiko ena a ku Ulaya, ndipo pali anthu amene amawatola, kuwapukuta ndi kuwadzutsa. Pafupifupi aliyense wodzutsa Osborne 1 amafika pa funso limodzi lomwe eni ake oyamba anafikapo zaka zoposa 40 zapitazo: kodi kagalasi aka ndikachite bwanji, poti maso akuwawa? Yankho lodziwika ndi kulumikiza monita ina yaikulu kunja kwa bokosi. Ife tikuti yankholo ndi labwino, ndipo tikulivomereza ndi mtima wonse, koma pali njira yake. Pali anthu ena amene, pofuna kukulitsa zenera, akugumula khoma lomwe. Ndipo pali enanso amene akuti zenera lisakhudzidwe konse ngakhale m'nyumba mukhale mdima. Onse awiriwa tikutsutsana nawo.

Tiyambe taona vuto lenilenilo, pakuti ambiri amalimva mwatheka. Kagalasi ka Osborne 1 kankaonetsa mizere 24, ndipo mzere uliwonse unkatenga zilembo 52 zokha. Komatu kompyutayo inkasunga tsamba lalikulu kuposa pamenepo, la mizere 32 ya zilembo 128 uliwonse. Chimene munthu ankaona pa galasi chinali chigawo chabe cha tsambalo, monga momwe munthu wokhala m'nyumba amaonera chigawo cha bwalo kupyolera pa zenera. Akafuna kuona mbali ina, ankasendeza zeneralo ndi mabatani a mivi. Tsono WordStar, monga makina otayipira a m'maofesi, inazolowera mzere wa zilembo 65, chifukwa ndiwo umadzaza bwino pepala la kalata. Wolemba akafika pakati pa chiganizo, mawu onse ankayamba kuthawira kumanzere, chiyambi cha mzere n'kubisika. Taganizani kuwerenga kalata yoti mzere uliwonse mchira wake uli kuseri kwa chitseko. Ambiri ankangochepetsa malire kuti mzere uthere pa zilembo 52 kapena kucheperapo, n'kudzawabwezera pa nthawi yosindikiza.

Makompyuta a m'maofesi a nthawi imeneyo anali atakhazikika pa zilembo 80 pa mzere, chiwerengero chimene chinachokera ku makadi obooledwa a IBM a chaka cha 1928, amene anali ndi madanga 80. Mapulogalamu ambiri a CP/M analembedwa poyembekezera 80 ameneyo. Nchifukwa chake pamene Kaypro II inatuluka mu 1982, m'bokosi lachitsulo, ndi galasi la mainchi 9 loonetsa zilembo 80, pa mtengo womwewo wa madola 1,795, ogula sanachedwe kuona kusiyana kwake. Olemba mbiri amakonda kunena kuti kampani ya Osborne inadzipha yokha polengeza makina atsopano asanafike m'masitolo, anthu n'kusiya kugula akale, ndipo mpaka lero cholakwa chotere chimatchedwa ndi dzina la Osborne. Nkhaniyo ili ndi choonadi chake. Koma ife tikuganiza kuti kagalasi kaja kanali ndi mbali yake pa malirowo, pakuti munthu wolowa m'sitolo n'kuona makina awiri a mtengo umodzi ataikidwa pamodzi safuna katswiri womuuza amene akuwerengeka bwino.

Chimene chimatikondweretsa n'chakuti amene anapanga makinawa ankalidziwa vutoli, ndipo anasiya khomo. Kutsogolo kwa Osborne 1, pafupi ndi tomwe amapotokola pofuna kuwalitsa galasi, pali polumikizira monita yakunja. Pamalopo pamakhala kapulagi kakang'ono kotsekera, kamene Angerezi amati shunt. Munthu wosadziwa angakayese chivundikiro chotchinga fumbi, koma ndi mlatho. Zizindikiro zonse zopita ku kagalasi ka m'kati zimayamba zatulukira pamenepo, n'kuwoloka pa kapulagiko, n'kubwereranso m'bokosi. Mukakazula, galasi la m'kati limazima. Mukaika waya wa monita ina m'malo mwake, chithunzi chimapita kunja. Kampani ya Osborne inkagulitsa yokha monita ya mainchi 12 yoti izigwira ntchito imeneyi, ndipo amalonda ena anapanga tizipangizo, monga kaja kodziwika ndi dzina loti Exmon, tolowa pamalo omwewo kuti monita wamba igwire.

Kuti timvetse chifukwa chake pamafunika kachipangizo pakati, tiyenera kukumbuka mmene galasi la mtundu wakale limajambulira. Kumbuyo kwa chubu kuli kamfuti kolasa maelekitironi, ndipo kumaso kwa galasi kunapakidwa mankhwala amene amawala akalasidwa. Kamfutiko kamayenda ngati mlimi wolima mizere: kayamba kumanzere kufika kumanja, kabwerera, katsika pang'ono, kayambanso, mpaka kumunsi kwa munda, kenaka kakwera kukayambiranso pamwamba. Zonsezi zimachitika mofulumira kotero kuti diso limaona chithunzi chokhazikika. Kuti ntchitoyi iyende pamafunika mauthenga atatu. Woyamba umanena pamene kadontho kawale ndi pamene kazime. Wachiwiri umanena kuti mzere watha, bwerera kumanzere. Wachitatu umanena kuti tsamba latha, kwera pamwamba. Osborne 1 imatulutsa mauthenga atatuwa pa mawaya osiyana, ndi mphamvu yofika mavolti 5 imene tizipangizo ta m'kati mwa kompyuta timalankhulirana. Koma monita wamba, kapena wailesi ya kanema yokhala ndi kabowo kachikasu kaja kumbuyo, imafuna atatuwo ataphatikizidwa pa waya umodzi, ndi mphamvu ya volti imodzi yokha. Ntchito ya kachipangizo ka pakati ndi imeneyo: kukonza mauthengawo, kuwasakaniza ndi kuwatsitsa mphamvu. Si ntchito yaikulu. Tizigawo take n'tochepa ndi totsika mtengo, ndipo mwana wa Fomu 4 amene anamva bwino phunziro la magetsi angathe kutsata chojambula chake.

Apa pali chinthu chimene chimakhumudwitsa ambiri. Munthu walumikiza monita yake ya mainchi 12, wayatsa, chithunzi chabwera chowala bwino, koma akawerenga zilembo pa mzere apeza kuti zikadali 52. Zakula, inde, koma sizinachuluke. Monita siganiza, imangojambula chimene yauzidwa. Chiwerengero cha zilembo chimachokera m'kati mwa kompyuta, m'dera limene limawerenga tsamba ndi kulisandutsa madontho. Ife amene timagwira choko tikuzidziwa izi: mwana wa kumbuyo kwa kalasi akadandaula kuti sakuona, mukhoza kumusendeza kutsogolo ndipo aona bwino, koma pa bolodi pakhalabe mawu omwewo amene munalemba. Wofuna zilembo 80 ankayenera kugula kabolodi kena kotchedwa Screen-Pac, koikidwa m'kati, kamene kankalola kusankha zilembo 52, 80 kapena 104 pa mzere, ndipo kankabwera ndi kabowo kake kotulutsira chithunzi pa waya umodzi. Chodabwitsa n'chakuti kabolodiko pakokha sikankathetsa vuto, chifukwa zilembo 80 pa galasi la mainchi 5 zimaoneka ngati nyerere, ndipo 104 ndiye n'zosakambika. Kabolodi kankafuna monita, monita inkafuna kabolodi. Amene anagula chimodzi yekha anapeza theka la chimene ankafuna.

Masiku ano pawonjezeka vuto lina limene eni ake oyamba analibe. Osborne 1 imajambula mizere yoposa pang'ono 15,000 pa sekondi, liwiro loyandikana ndi la wailesi ya kanema yakale. Mamonita a mtundu wa VGA, umene IBM inayambitsa mu 1987, amayambira pa mizere pafupifupi 31,500 pa sekondi, ndipo ambiri amakana chilichonse chotsika kuposa pamenepo. Amene ali ndi HDMI yokha ndiye salankhula n'komwe chilankhulo chakalecho, pakuti amalandira manambala osati mafunde. Kotero wokonza wa lero ali ndi njira ziwiri. Akhoza kufuna monita yakale ya chubu, yobiriwira kapena yachikasu, imene imalandira chithunzicho mosakangana. Kapena akhoza kuika bokosi lina pakati lotembenuza chithunzi chakale kuti chikwane pa galasi latsopano. Mabokosi otsika mtengo a mtundu umenewu anapangidwira mafilimu, ndipo amakonda kusalaza m'mphepete mwa zinthu, zilembo n'kuoneka ngati zalembedwa pa pepala lonyowa. Ena amakana kugwira chithunzi chifukwa liwiro la kompyuta yakale silifanana ndendende ndi la wailesi ya kanema. Ife tingasankhe monita ya chubu ikapezeka, koma sitinyoza amene watenga njira inayo, pakuti njira zonse ziwiri zimathera kunja kwa bokosi la Osborne ndipo sizilisiyira chipsera.

Pali machenjezo amene sitingawalumphe. Kapulagi ka mlatho kaja sikazulidwa kapena kubwezeredwa makina ali oyaka, ndipo kampani inachenjeza zimenezi poyera. Chifukwa chake n'chakuti pakati pa mawaya owoloka pamenepo pali wa mavolti 12 wodyetsa galasi la m'kati, ndipo pulagi ikapendekeka pang'ono pozula, mphamvu imeneyo ikhoza kugwera pa waya wa tizipangizo tozolowera mavolti 5, n'kutiwotcha. Safunsa anadya phula. Chachiwiri, chubu cha galasi chimagwira ntchito ndi mavolti zikwi zingapo, ndipo chikhoza kusunga mphamvuyo ngakhale pulagi yazulidwa pa khoma. Munthu amene sanaphunzire kuitaya asalowetse dzanja kumeneko. Chachitatu, m'gawo lolandirira magetsi la makina ambiri a zaka zimenezo muli timakapasita tina timene timang'aluka tikakalamba, ndipo timaphulika ndi utsi wonunkha makina akayatsidwa patapita zaka zambiri. Odziwa amayamba atisintha asanayatse. Ndipo makina ogulitsidwa ku America anakonzedwera magetsi a mavolti 120, kotero wokhala kumene magetsi ali 230 ayambe waona zimene zalembedwa kumbuyo.

Tsono tibwere kwa aja tikutsutsana nawo. Oyamba ndi anthu a chiboolero. Iwowa akaona kagalasi kakuchepa kapena kayamba kuzilala, amakazula n'kukataya, amacheka pulasitiki ya kutsogolo, amaikapo galasi latsopano lathyathyathya. Ena amafika pochotsa zonse za m'kati n'kuikamo kakompyuta ka masiku ano, bokosi lokha n'kutsala ngati chigoba cha nkhono. Amati katundu ndi wawo, ndipo lamulo likuwavomereza. Sitikana. Koma mafakitale anasiya kalekale kupanga machubu a mainchi 5 otere, ndipo palibe amene adzaumbenso pulasitiki ya Osborne 1. Chilichonse chochekedwa chachepetsa chiwerengero cha makina athunthu otsala pa dziko, ndipo chiwerengerocho chimangotsika. Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti kuchekako n'kosafunika. Khomo lilipo kale kutsogolo. Munthu wogumula khoma pamene pali chitseko sitingamutche mmisiri.

Achiwiri ndi aja oti makina akale asakhudzidwe: aikidwe m'kabati ya galasi, asayatsidwe, asalumikizidwe ku chinthu chilichonse chimene sichinatuluke nawo m'sitolo. Maganizo awo ali ndi ulemu, ndipo nyumba yosungiramo zakale ikhoza kukhala ndi chifukwa chosungira makina amodzi motero. Koma akuiwala kuti monita yakunja si chinthu chachilendo pa Osborne 1. Inali mbali ya moyo wake kuyambira pa chiyambi. Mlembi kapena wowerengetsa ndalama wa mu 1982 ankanyamula bokosi pa ulendo n'kupirira kagalasi, koma akafika pa desiki yake ankalumikiza monita yaikulu. Wolumikiza monita lero akuchita zomwezo zimene eni ake ankachita. Komanso mankhwala owala a pa galasi amapsa akaonetsa zilembo pa malo amodzi nthawi yaitali, kotero kuti monita yakunja imapumitsa chubu chimene chilibe cholowa m'malo. Amene akufuna kuti kagalasi kakhalitse ayenera kukhala woyamba kukondwera ndi waya wopita kunja.

Palinso ena amene amaseka mkangano wonsewu. Amati pulogalamu yotsanzira Osborne 1 ikhoza kuyenda pa kompyuta iliyonse ya lero, pa galasi lalikulu monga mufunira, popanda utsi kapena ngozi. N'zoona, ndipo mapulogalamu otere ndi othandiza kwambiri. Koma pulogalamu yotsanzira ilibe kakomo kolowetsera disiki ya mainchi 5 ndi kota imene ili m'bokosi la malemu agogo. Pa madisiki amenewo, iliyonse yotenga makilobayiti pafupifupi 90, anthu analembapo makalata, maakaunti a masitolo, mabuku osamalizidwa ndi kaundula wa mipingo. Makompyuta a CP/M analibe kalembedwe kamodzi ka disiki. Kampani iliyonse inali ndi kake. Zida zapadera zowerengera madisiki akale zilipo, koma kwa banja wamba njira yapafupi kawirikawiri ndi makina omwewo amene analemba. Ndipo munthu amene akhale masabata akuwerenga ndi kusamutsa zolembazo, mwina wachikulire wovala magalasi, sangathe kuchita zimenezi pa kagalasi ka mainchi 5. Apa monita yakunja yasiya kukhala chosangalatsa cha otola zakale; ndi imene ikuchititsa kuti zolembazo ziwerengedwe madisiki asanawole.

Amene anajambula za m'kati mwa Osborne 1 anali Lee Felsenstein, amene ankatsogolera misonkhano ya Homebrew Computer Club ku California, kumene anthu wamba ankasonkhana kuonetsana makina opanga okha. Felsenstein wakhala akunena kuti anakhudzidwa ndi maganizo a Ivan Illich, amene m'buku lake la mu 1973 lotchedwa Tools for Conviviality analimbikitsa zida zoti wozigwiritsa ntchito athe kuzimvetsa, kuzikonza ndi kuzisintha yekha. Sitinena kuti kapulagi kalikonse ka pa Osborne 1 kanachokera m'buku limenelo. Zambiri zinachokera pa kufulumira ndi kufuna kutsitsa mtengo, ndipo Adam Osborne mwini sankabisa kuti ankafuna makina okwanira ntchito, osati okongola. Komabe zotsatira zake tikuziona. Zojambula za mawaya a makinawa zinasindikizidwa m'buku la amisiri, tizigawo tambiri ndi ta wamba, ndipo patapita zaka zoposa 40 munthu wa pa khonde akhoza kutsata waya umodzi kuchokera kumene ukuyambira mpaka kumene ukuthera. Ana a sukulu amene timawaphunzitsa za kompyuta lero akugwira makina omatidwa ndi guluu, amene galasi lake likasweka mtengo wokonzera umayandikira mtengo wogulira ena. Ambiri a iwo sanaonepo m'kati mwa chida chilichonse chimene amagwiritsa ntchito, ndipo n'zosadabwitsa kuti ena amachiyesa matsenga. Mauthenga atatu aja, la kadontho, la mzere ndi la tsamba, mphunzitsi akhoza kuwajambula pa bolodi m'mphindi 10, ndipo mwana n'kumvetsa chimene chithunzi chili.

Adam Osborne anabadwira ku Bangkok mu 1939 ndipo anamwalira ku Kodaikanal, kumwera kwa India, mu 2003. Makina otsatira a kampani yake, Osborne Executive a mu 1983, anali ndi galasi la mainchi 7 loonetsa zilembo 80, umboni wakuti dandaulo la ogula linamveka, ngakhale linamveka mochedwa. Compaq Portable, imene inatuluka chaka chomwecho, inabwera ndi galasi la mainchi 9 ndi potulutsira chithunzi kunja.

Kwa amene ali ndi Osborne 1 pa tebulo pake, pempho lathu ndi lalifupi. Chilichonse chimene muchite, chikhale choti wobwera pambuyo panu angathe kuchimasula. Gwiritsani ntchito polumikizira pa kutsogolo, ndipo kachipangizo kanu kakhale kunja. Ngati makina anu ali kale ndi Screen-Pac, kabowo kake kakukwanirani. Ngati mwasintha kagawo m'kati, lembani pa pepala chimene mwasintha ndi tsiku lake, pepalalo mulisunge pamodzi ndi makinawo. Ndipo kapulagi ka mlatho kaja, mukakazula makina ali ozima, musakaponye m'kabati pamodzi ndi misomali ndi mabatire akutha. Osborne 1 ikapanda kapulagi kameneka galasi lake la m'kati silingawale ngakhale zina zonse zili bwino, ndipo wodzaigula pambuyo pake akhoza kuiyesa yakufa n'kuitaya. Kaikeni mu envelopu, muilembe, muilowetse m'kathumba kosungiramo madisiki kamene kali pansi pa kakomo ka disiki.